Mkuyu wa ku Hollywood

Akuluakulu anaona kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anthu a ku Hollywood akafuna kutionetsa moyo wa pa yunivesite amaupukuta mkuyuwo mpaka kung'anima, nyerere n'kuzithamangitsira kuseri kwa kamera.

Taonani filimu ya Good Will Hunting ya mu 1997. Matt Damon ndi mnyamata wokolopa pa yunivesite ya MIT. Pulofesa walemba samu yovuta pa bolodi la m'khonde, ophunzira onse yawakanika, koma mnyamatayu angotsamiritsa chokolopera kukhoma, kutola choko, basi yankho ilo. Thukuta olo dontho. Mu A Beautiful Mind ya mu 2001, Russell Crowe, amene akusewera ngati John Nash wa ku yunivesite ya Princeton, masamu ake akulemba pa galasi la zenera. Kaya mapepala anali atatha m'dziko lonse la America, kaya.

Tsopano tiung'ambe mkuyuwo. Andrew Wiles, amene panthawiyo anali pulofesa weniweni wa pa Princeton pomwepo, anadzitsekera m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba yake zaka 7 akulimbana ndi samu ya Fermat. Mu 1993 analengeza ku Cambridge kuti waigonjetsa, dziko linaomba m'manja, kenako ounika ntchitoyo anapeza penapake pobooka. Munthu wamkulu n'kubwereranso patebulo mpaka 1994. Ndani angagule tikiti kukaonera bambo wa magalasi akuluma pensulo zaka zonsezo? Komatu uyu ndi wamwayi, anapambana. Anzake ambiri amachezera usiku kuchonga mulu wa mapepala a mayeso olembedwa mokhotakhota, kontrakiti ikutha mwezi wamawa, nkhani ya kafukufuku yomwe anatumiza chaka chatha yabwezedwa ndi munthu wobisa dzina amene akuti aikonzenso yonse.

Koma tisawanamizire a Hollywood, nyerere imodzi inazemba n'kulowa mu kamera. Mu Indiana Jones and the Last Crusade ya mu 1989, Harrison Ford ndi mphunzitsi wa zinthu zamakedzana zofukula pansi. Atuluka m'kalasi, apeza ophunzira adzaza pa ofesi, onse akulankhula nthawi imodzi, mlembi naye akumukumbutsa za mapepala osachonga. Bambo amene amalimbana ndi asilikali a Nazi ndi chikwapu alowa m'kati, atseka chitseko, n'kutulukira pazenera.

Ngati muli ndi m'bale wophunzitsa pa yunivesite, muonetseni kachigawo kameneka nyengo ya mayeso. Saseka ayi. Apita kukaona ngati zenera la ofesi yake lili ndi zitsulo zotchinga akuba.