Ulemu kwa Gogo Kawaya a pa Solenoidi

Vulani zipewa, amakanika a ku Kafue Industrial Area! Pukutani girisi m'manja kuti kuwomba kumveke mpaka kumtsinje! Lero tikutamanda mwini pansi pa boneti, nkhoswe ya mavavu a utsi, mlonda wa khomo la ekizozi, kazembe wa kompyuta ya injini, Gogo Kawaya, amene msinkhu wawo sufika mkono koma akatsokomola Allion yonse imatsimphina pa msewu wa T2.

Wawa Gogo! Munabadwira ku Japan, munawoloka nyanja pa sitima, munatsikira ku Dar es Salaam, munadutsa Nakonde muli phee, osadzionetsera. Toyota itabweretsa Dual VVT-i mu 1998, panafunika mthenga wonyamula mawu a kompyuta kukafikitsa ku solenoidi, kavavu kotsegulira oyilo kuti kamshafuti ya ekizozi itsegule ndi kutseka mavavu pa nthawi yake. Mthengayo ndinu, ndipo uthenga mumaufikitsa tsiku limene mtima wanu wakonda.

Taonani kuvala kwa mfumu! Chikopa chanu chauma gwa ndi kutentha kwa injini, chaperepeseka pamene mumatsamira chitsulo, kuti anthu aoneko mkuwa wanu wa mtengo wapatali. Mkanjo wanu ndi tepi yakuda, mikombero mikombero, nsonga yake ikupepeluka monyada. Kaloko ka soketi yanu kanathyoka kalekale, pakuti wamkulu satsekeredwa. Akugwirizizani ndi mphira wa chubu. Mano anu awiri avala dzimbiri lobiriwira, adzola oyilo, afwirira fumbi la mu Okutobala.

Mukakwiya, dziko limadziwa. Nyali ya check engine imayaka, makina a diagnosis amalengeza dzina lanu lachifumu, P0013, kwa mafuko ena a galimoto P0078. Injini imanjenjemera ikaima, pamtunda mphamvu zii, petulo akungomwedwa. Pamenepo mitulo imayamba kufika: mapulagi anayi atsopano, oyilo ndi sefa yake, solenoidi ina yotsika pa minibasi kuchokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 40. Zonsezi mumalandira mwaulemu, nyali osaizimitsa. Ndi mfumu iti inadyapo chotere osatsegula pakamwa?

Bwalo lanu limaweruza mwachilungamo. Mmisiri akatopa, amagwada ndi multimeter. Solenoidi yakale ija, imene inatayidwa kale m'katoni, imawerenga pakati pa 6.9 ndi 7.9 ohms: ilibe mlandu! Akakugwedezani inu ndi chala, manambala amavina. Akakufinyani, mumakhululuka, code ifufutidwa, mwini galimoto alipira akumwetulira, ndipo chifundo chanu chimamuperekeza mpaka pa hampu yoyamba.

Dziko likanadziwa kuyamika, Nitrogen Chemicals of Zambia, imene yaima pano kuyambira 1970, ikanaliza sayirini m'mawa uliwonse polemekeza inu. Kafue Steel ikanasungunula zitsulo zakutha n'kukuumbirani mpando. Sitima ikanaima pakati pa mlatho wa njanji n'kuliza hutala katatu. Asodzi akanabwera ndi madengu a nsomba kudzatula pa bampala.

Tsiku lokulongani ufumu lafika. Mnyamata wa m'galaja wasenda kale pamene panadyeka, watsuka mano anu, wakonza chovala chatsopano cha heat shrink. Amayi ogulitsa zitumbuwa pa geti, yambani nthungululu: mnyamata uja wathamangira kwa aneba kukabwereka soldering iron!