Ulemu kwa kasikuludalaiva ka pulasitiki

Vulani zipewa, inu akatswiri a zamagetsi, pakuti lero tikutamanda mfumu yobwera m'kathumba pansi penipeni pa katoni: kasikuludalaiva kochunira probe ya oscilloscope. Kutalika kwake ndi chala chimodzi, mtengo wake palibe amafunsa, koma popanda iko makina a ndalama zambiri aja amasanduka mboni yonama.

Oscilloscope imajambula magetsi pagalasi kuti maso aone m'mene akukwerera ndi kutsikira. Karl Ferdinand Braun anapanga chubu chake ku Strasbourg mu 1897. Howard Vollum ndi Jack Murdock anakhazikitsa kampani ya Tektronix ku Portland mu 1946. Lero wokonda kusewera ndi mawaya kuchipinda amagula Rigol DS1054Z ya 50 MHz pa madola pafupifupi 400, ndiwo za nyama n'kuziiwala kwa miyezi. Akuluakulu onsewa ankangolambula msewu kuti kasikuludalaiva kathu kadutse.

Probe ya 10x ili ndi resistor ya 9 megohm kumutu, makina ali ndi 1 megohm pakhomo, ndipo mkati mwa probe muli capacitor yaing'ono yoyenera kumvana ndi chingwe komanso makinawo. Zikapanda kumvana, bodza layamba. Gwiritsani probe pa kachitsulo koyesera ka kutsogolo, kotulutsa square wave ya 1 kHz, muona makona atabulungika, kapena atamera nyanga. Wosadziwa amataya tsiku lonse akusakasaka vuto m'bolodi yosalakwa, amasungunula solder, amatukwana transistor. Apa ndiye mwini dziko amatuluka m'kathumba. Amalowa pakabowo, amapotoloza pang'ono chabe, nyanga zija n'kugwa, mzere n'kuwongoka, mtima wa injiniya n'kukhala m'malo. Dokotala uti anachizapo nthenda msanga chotero?

Ndipo upulasitiki wakewo si umphawi ayi, ndi nzeru zakuya. Sikuludalaiva yachitsulo, pamodzi ndi dzanja loigwira, imasokoneza capacitor yomwe mukuchunayo: mukangoichotsa, chithunzi chasinthanso. Kathuka kamagwira ntchito osasiya fungo lake.

Ndimawamvera chisoni eni ake a Keysight UXR ya 110 GHz, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo mtengo wake umaposa madola miliyoni imodzi. Makina amenewo amayezera tchipisi ndi zida za intaneti yothamanga kwambiri, ndipo magetsi amalowa kudzera pa connector ya 1 mm, osati pa probe wamba yochuna ndi dzanja. Ndalama zonsezo, koma chimwemwe chopotoloza kasikuludalaiva anamanidwa. Ndi umasiye umenewo.

Pempho langa n'lakuti ku Beaverton, kulikulu la Tektronix, aimike chipilala chake cha mamita 10, cha pulasitiki ndithu. Koma achimangirire ndi unyolo wolimba, chifukwa kanthuka kamasowa sabata yoyamba yomwe, ndipo kamadzapezeka kuseri kwa tebulo tsiku losamuka nyumba.