Takulandani ndi Manja Awiri

Mwa ntchito zonse za singano, imene amati ndi ya ongoyamba kumene ndi yopeta timitanda, ija m'masitolo amati cross stitch. Wokuphunzitsa amakuuza kuti ngati umatha kulemba X ndiye kuti wadziwa kale. Sanama ayi. Chimene amabisa n'chakuti ma X amenewo amafunika mazanamazana, aliyense m'kabokosi kake, ndipo ntchito yeniyeni si kusoka koma kuwerenga. Nsalu yake, imene amaitcha Aida, idalukidwa mwa timabokosi tokhala ndi tibowo m'makona. Yofala ndi ya nambala 14, kutanthauza timabokosi 14 pa inchi imodzi. Amene alibe Aida amapeta pa nsalu ya macheke, ngati momwe ankachitira atsikana a kupulayimale pa phunziro la zosokasoka, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo yachifundo chifukwa mabokosi ake amaoneka ndi maso a munthu wamba. Koma kaya ndi Aida kaya ndi macheke, ukaphonya kuwerenga nsalu siikudzudzula pomwepo. Imadikira kaye alendo abwere.

*

Mayi wina wa ku Ndirande, wokongoza ndalama za katapila, adafuna kansalu ka pabalaza kolembedwa TAKULANDIRANI. Zilembo 13. Adapeta bwinobwino mpaka pa D, kenako foni idalira, wangongole akupempha kuti amudikire mpaka pa 30. Pobwerera pa nsalu mtima uli m'mwamba, diso lidalumpha I ndi R n'kukatera pa A. Adamaliza, adachapa, adasita, n'kukaika m'felemu pamwamba pa mpando womwe amakhazikapo obwera kudzabweza ngongole.

Chaka chathunthu chidatha osamva kanthu, mpaka mdzukulu wa Sitandade 2 atayamba kuwerenga chilichonse chimene waona, mokweza.

"Ta-ku-la-nda-ni!"

Mayi adadzuka, adayang'ana, adatembenukira bambo amene adabwera ndi chiwongoladzanja cha mwezi umenewo.

"Inu mumabwera muno mwezi ndi mwezi, osandiuza bwanji?"

"Pepani amayi, ife timayesa ndi chidziwitso."

*

Singano ya ntchito imeneyi ndi yobuntha dala, ya diso lalikulu. Pa nsalu ya nambala 14 amakonda ya saizi 24. Imayenera kudutsa m'kabowo komwe kalipo kale, osaboola kake. Bambo wina ataigwira singano ya mkazi wake adapukusa mutu.

"Mayi a mwana, akuberani. Singano yanji yosabaya?"

Usiku mkazi atagona, bambo adaitengera pa mwala wonolera chikwanje n'kuikonza mwachikondi, mpaka idanyezimira. Madzulo a tsiku lotsatira adapeza chala cha mkazi chili chomanga, ndipo pakona pa nsalu yoyera pali madontho ofiira.

"Kodi apa ndiye mukupetapo chiyani?"

"Limeneli ndi duwa lanu, bambo a mwana. Mwapeta ndinu."

*

Mkombero wathabwa wokungira nsalu musamausiye poyera kumudzi. Mtsikana wina adausiya pakhonde popita kukatunga madzi. Pobwera adapeza agogo ake aukunga neti yakale ya udzudzu ndipo akusefera ufa, uku akuyamikira kuti masiku ano masefa akubwera ndi sikuluu.

*

Ulusi wodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi wa DMC, kampani ya ku Mulhouse m'dziko la France, imene mbiri yake imayambira mu 1746. Mitundu yake amaitchula ndi manambala osati maina: 310 ndi wakuda, 321 ndi wofiira, ndipo wina wofiira kwambiri, wowala kuposa mnzakeyo, adaupatsa nambala 666. Ku France mwina sadaonepo vuto.

Amayi a chigwirizano pa mpingo wina adagwirizana zopeta nsalu ya patebulo yoti akatsanzikire abusa. Mwana wa mmodzi wa iwo, namwino ku Britain, adatumiza zonse: nsalu, pepala la chithunzi ndi ulusi. Lachinayi adakhala pamphasa, mlembi akuwerenga manambala, ena akusankha ulusi.

"Zilembo, 310."

"Ulipo."

"Mtima wapakatiwo, sikisi, sikisi…" Mlembi adaima, adavula magalasi, adawapukuta ndi chitenje, n'kuwavalanso. "Amayi, tiyeni tiyambe tapemphera."

Nkhani idatenga maola awiri. Ena adati ulusi ndi ulusi, nambala ili pa kapepala chabe, tingochotsa kapepalako. Ena adati Satana sabwera ndi nyanga, amabwera ndi zinthu zowala ngati zimenezi. Msungichuma adafunsa ngati ku Britain amabweza ndalama. Mapeto ake adagamula kuti mtima wa abusa upetedwe ndi 321, ndipo ulusi winawo adaupereka kwa amayi apampando kuti akautenthe.

Patatha mwezi, mdzukulu wa apampando adalowa m'tchalitchi atavala diresi yoyera, m'khosi muli maluwa ofiira oti ngakhale wokhala kumbuyo kwenikweni ankawaona. Potuluka mlembi adawayandikira.

"Amayi, suja tidati mukautenthe?"

"Ndidautentha, mayi mlembi. Ndi simbi."

*

Ulusi umenewu umabwera uli timaulusi 6 topotana, ndipo pa nsalu ya nambala 14 amapeta ndi tiwiri tokha. Malume ena ouma manja, amene adadandaula sabata yonse kuti mphwawo wawagulitsa ulusi wodula, atamva zimenezi adasintha nkhope. "Ndiye kuti ndidalipira tiwiri, tinayi n'tabasela?" Kuyambira tsiku limenelo amauza aliyense kuti Afalansa ndi anthu amakhalidwe.

Polekanitsa timaulusito amasolola kamodzikamodzi, apo ayi timapiringizana. Mlamu wanga ali ndi njira yake: nsonga imodzi kumano, ina ku chala chachikulu cha kuphazi, manja onse awiri akukoka. Tsiku lina ali chomwecho, apongozi ake aamuna adaodira pakhomo. Kuyankha kudakanika, kugwada kudakanika. Mkuluyo adasuzumira, adabwerera chafutambuyo, n'kukauza akazi awo kuti mtengwa wayamba za mizimu.

*

Kupeta dzina kapena mawu akoako kumayambira pa pepala, ndipo kope la masamu la timabokosi limakwanira: kabokosi kamodzi, mtanda umodzi. Tengani dzina ngati CHIMWEMWE. Zilembo wamba zikatenga timabokosi 5 m'lifupi, I atatu, M ndi W 7 aliyense, ndi kabokosi kamodzi kolekanitsa zilembo, dzinalo lidya timabokosi 59, pafupifupi masentimita 11 pa nsalu ya nambala 14. Mukadziwa zimenezo mumapinda nsalu pawiri, n'kupindanso, pomwe mizere yakumana ndiye pakati, ndipo mumayambira pamenepo kupita uku ndi uku. Makolo opatsa ana maina odzaza M ndi W sadaganizirepo azakhali opeta.

Namwali wina wa ku Kasungu adati zowerengazo n'zotaya nthawi. Adayambira kumphepete kwa kampango, zilembo zikuluzikulu zoti bwenzi lake liziona lili patali: CHIKONDI CHOSATHA. Chikondi chidakwana. Nsalu idathera pa CHOSA.

Mnyamata adalandira kampangoko n'kukaonetsa anzake pa shopu ya ometa, ndipo aliyense adamalizitsa m'mene adaonera. Wina adati chosapsa. Wina adati chosalongosoka. Wometa, amene adasiyidwapo kawiri, adati chosafunika. Madzulo mnyamata adapita kukafunsa mwini wake.

"Iwenso, sudatembenuze? Zotsalazo zili kuseri."

Vuto lidadza pamene kampango kadagwa m'thumba pamaso pa amalume ake a mnyamatayo, omwe adali atayamba kale kuyenda za chinkhoswe. Kadagwa chadodolido. Mkuluyo adawerenga zilembo zitatu zija, THA, n'kufunsa ngati nkhuku ija angathe kukaitenganso.

*

Azakhali anga ali ndi lamulo limene ndimalivomereza ndi mtima wonse: maluwa peta lero, dzina la mwamuna udikire chinkhoswe. Chifukwa chake n'chakuti mitanda ukaimasula imasiya tibowo totambasuka, ndipo dzina lakale limawerengekabe ukayang'anitsa pa dzuwa.

Msuweni wathu wina sadamvere. Adapeta M wamkulu pakati pa pilo, maluwa atazungulira, chifukwa cha kalaliki wina amene dzina lake linkayamba ndi chilembo chimenecho. Kalaliki adasamutsidwa ku Mzuzu, mafoni adayamba kuchepa, kenako zidangozilala. Pilo idalowa m'sutikesi. Kwa zaka ziwiri msuweni ankati akafunsiridwa, funso loyamba lidali la dzina, ndipo anyamata abwinobwino adabwezedwa popanda kudziwa mlandu wawo. Ndiye kudabwera wina wa W. Msuweni adatulutsa pilo, adaizondotsa, adaona kuti Mulungu ndi wabwino.

Ali m'banja mpaka lero. Mwamunayo adafunsapo kamodzi kokha.

"Kodi maluwa awa bwanji akuyang'ana pansi?"

"Ndi a nthochi."

*

Odziwa ntchitoyi sayang'ana kumaso kwa nsalu, amathamangira kuseri. Sipayenera kukhala mfundo: nsonga ya ulusi amaibisa pansi pa mitanda ingapo, ndipo ulusi suyenera kudumpha mtunda wautali kuchoka pa chilembo china kupita pa china. Kumaso nakonso, mwendo wapamwamba wa mtanda uliwonse uzipendekera mbali imodzi. Mtengwa wina, podziwa zimene zidali kuseri kwa nsalu yake komanso podziwa apongozi ake aakazi, adapita nayo kwa kalipentala kuti aikhomere pulayiwudi kumbuyo. Apongozi atafika adaitsitsa pakhoma, adaitembenuza, adakhala chete akuyendetsa chala m'mphepete.

"Mwana wanga, misomali 24 pa kansalu kamodzi? Musavutike kutsegula, ndaona kale."

*

Amuna amanena kuti imeneyi ndi ntchito ya amayi, koma amene amaitha msanga ndi akatswiri a bawo. Munthu amene amasunga m'mutu maenje 32 ndi nkhomo 64, n'kudziwiratu komwe dzanja likathere asanatole n'komwe, timabokosi ta pa nsalu sitingamuvute.

Agogo ena aamuna a ku Nkhotakota adayamba ndi kuwerengera mdzukulu wawo. "Pamenepo asanu, osati anayi." Tsiku lachiwiri adati, "Tabweretsa ndikuonetse." Pofika sabata yachitatu mdzukulu ankachita kupempha nsalu yake yomwe, ndipo mafuta a nyali ankatha msanga mosadziwika bwino.

Masana ena mnzawo wa bawo adatulukira mwadzidzidzi. Agogo adaponya nsalu pansi pa mpando, koma ulusi wobiriwira udatsalira pa ndevu.

"Achimwene, chimenecho n'chiyani?"

"Za mdzukulu izi. Ana a masiku ano amangotaya zinthu paliponse."

Mlendo adawerama, adatola nsalu, adaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, agogo thukuta lili kamukamu. Kenako adatsitsa mawu.

"Mzere wachitatuwu mitanda yapendekera kwina. Ine ndimayamba ndapita ndi miyendo yapansi mzere wonse, yapamwamba ndimabwerera nayo."

Bawo la tsiku limenelo silidaseweredwe.

*

Amene mwachedwa ndi mphatso ya mwana wakhanda musadzione ngati oyamba. Ku Victoria and Albert Museum mu London kuli nsalu imene adapeta Jane Bostocke, yakale kuposa zonse za mtundu wake ku Britain zokhala ndi chaka. Adalembapo za kubadwa kwa mwana wotchedwa Alice Lee pa 23 November 1596, koma chaka cha nsaluyo ndi 1598. Mwana adali akuthamanga kale.

Kwathu kuno mayi wina adamuposa Jane. Adayamba kupeta dzina la mwana wa mchimwene wake sabata imene adatuluka m'chikuta, ndipo adakapereka mwini wake akuchokera kusukulu, chikwama chili kumsana. Mwana adalandira ndi manja awiri, adathokoza mwaulemu, adawerenga.

"Azakhali, dzina langa lili ndi H."

*

Masiku ano pa foni pali mapulogalamu oti ukaikamo chithunzi amachisandutsa timabokosi n'kukuuza manambala a ulusi. Mayi wina wa ku Area 25 adaikamo nkhope ya mwamuna wake kuti ikhale mphatso ya tsiku lokumbukira ukwati wawo. Foni idati timabokosi 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndiye kuti mitanda 10,000, ndi mitundu ya ulusi yoposa 30. Mayi adaona kuti mwamunayo ndi wabwino koma osati kufika pamenepo. Adatsitsa kufika pa 30 ndi 30, ndipo mitundu adagula itatu imene adaipeza mumsika: wakuda, wakhofi ndi woyera.

Tsiku litakwana bambo adamasula pepala, adayang'ana, milomo idayamba kunjenjemera.

"Mayi a mwana, simudziwa m'mene mwandikhudzira. Ndimayesa ndine ndekha amene ndimamukumbuka galu wathu uja."

Adakaipachika okha kuchipinda, kumutu kwa bedi, ndipo mlendo aliyense amamulowetsa kuti akaone makutu m'mene adafananira.