Mavu Ayambitsa Mtsutso ku Mwami

Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo, nkhani za ku Mwami zimakhala za feteleza, za mvula, ndi za mmene kwacha ya ku Malawi yagonera pamaso pa ya kuno. Chaka chino pawonjezeka ya mavu. Pabanja lina la m'mbali mwa msewu wopita kumishoni, mavu amanga chisa pamwamba pa khomo la chimbudzi, ndipo eni nyumba akumagogoda kwa aneba m'mamawa uliwonse. Pempho lotere silibisika. Nkhani inafika pamjigo, inadutsa kuchigayo, ndipo pano aliyense ali ndi mankhwala ake.

Kuchipata cha m'malire, madalaivala a mathiraki ayamba ndi kufufuza kwawo kwa mavuwo. A kuno akuti anachokera ku Mchinji, ndipo chitsegulireni chipata chatsopano mu Disembala 2022, pamene a Hichilema ndi a Chakwera anabwera limodzi, chilichonse chikudutsa mofulumira. A ku Malawi akukana kwamtuwagalu, ati mavu akwawo ndi aulemu.

Anyamata a njinga zamoto alibe nthawi ya zimenezo. Kwa iwo ndi botolo la petulo, nsanza pansonga ya nsungwi, machesi, basi. Amanena akuseka, wina n'kumatsanzira mmene mnzake anathawira atasiya patapata. Apa ine kuseka kumandithera. Denga la chimbudzicho ndi la udzu, nkhokwe ili pafupi, ndipo mwezi uno chilichonse chauma gwa. Munthu akalumidwa pachikope sakumbukira kuti wagwira muuni. Amautaya kulikonse n'kuliyatsa liwiro. Chisa chimene chikanatha ndi sopo chingadye chimanga cha chaka chonse.

Agogo ena pamthunzi wa mango akuti ana amakono ndi amantha chabe. Kale iwo ankapaka thukuta la m'khwapa m'manja n'kuthyola chisa, mavu ali phee. Adzukulu atawachonderera kuti, "Agogo, tiyeni mukationetse," anayankha kuti maso anafooka, komanso mavu a masiku ano samva mwambo. Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo palibe amene anayesa. Pasapezeke woyesa.

Amayi a zitumbuwa agawikana pawiri. Ena akuti, "Alamu, gulani Doom, musavutike." Ena akuti ndalama imeneyo ndi ya ndiwo, ndipo madzi a Boom ochita thovu akwanira. Onse akunena zoona. Mavu amapuma kudzera m'timabowo ta m'mbali mwa thupi, ndipo madzi a sopo akawanyowetsa amatseka timabowoto n'kulemetsa mapiko. Koma pamafunika mpope wothirira mbewu wotsukidwa bwino, kuti madzi afike chisa chonse nthawi imodzi, munthu ali chapatali. Amene akunena za madzi owira aiwala kuti chisa chili pamwamba pa mutu wa wothirayo.

Za tsiku zinabwera ndi mkulu wa mpingo. Ku Mwami mishoni ya Adventist inafika kalekale, choncho ntchito ya Loweruka masana sikambidwa n'komwe. Mkuluyo anati adikire dzuwa lilowe, Sabata ithe. Aphunzitsi ena, amene sapemphera nawo, anawomba m'manja pa chifukwa china: masana theka la mavu limakhala kosaka, ndipo ukagwetsa chisa obwerera amazungulira pakhomo ali olusa. Kukada onse amakhala pachisa, ofooka, makamaka mbandakucha kukuzizira. Anawonjeza kuti tochi isakhale m'manja kapena pachipumi, iikidwe pansi chapatali, pakuti mavu amalondola kuwala. Malaya akhale a manja aatali, jombo kuphazi, nkhope yophimba, ana ndi agalu m'nyumba. Chisa chigwetsedwe mawa lake poona kuti palibe chikuyenda, ndipo kaphesi kamene chinalendewerapo kapalidwe.

Pamene zinkaoneka ngati chimvano cha mavu choning'a pamimba chapezeka, mlimi wina wa kudimba anaimirira n'kufunsa kuti mavuwo alakwa chiyani. Anthu anamuyang'ana ngati wamwa. Koma iye amadziwa zimene amaona m'mizere ya kabichi: mavu amagwira mbozi, amazitafuna n'kukadyetsa ana awo kuchisa. Anakumbutsa anthu za Disembala 2016, pamene mbozi zachilendo zija zinalowa m'chimanga mpaka a Lungu analamula ndege za asilikali kunyamula mankhwala. Kuyambira pamenepo, akuti, chisa cha m'chigafa chake sachikhudza. Ine ndili mbali yake. Chisa cha pakhomo la chimbudzi, pakhonde, kapena mumtengo wa mango umene ana amakwera, chichoke ndithu. Cha kumalire kwa munda, kumene munthu amadutsa kamodzi pa sabata, chisiyidwe chigwire ntchito yake.

Wina anafunsa ngati si njuchi. Chisa cha mavu sichisokoneza: chimalendewera pakaphesi, timabowo take tayang'ana pansi, ndipo amachiumba ndi mtengo wouma umene amapala n'kutafuna. Uchi mulibe. Zikakhala njuchi, Doom asayandikire; aitanidwe a ming'oma, pakuti uchi ndi ndalama, ndipo a COMACO ku Chipata amaugula kwa alimi. Kachilombo kaja kouluka kokhakokha, koumba kanyumba ka dothi pakhoma, sikaputa munthu.

Mawu amene ndikufuna afike khomo lililonse ananena ndi namwino wina wopuma pantchito, pamene anthu ankatsutsana ngati pabala pamafunika matope, Colgate kapena fodya wa mphuno. Iye anati tsukani ndi sopo, ikani nsalu ya madzi ozizira, ndipo mukamva ululu imwani Panado. Njuchi imaluma kamodzi n'kusiya mbola, koma mavu mbola yawo sithothoka, amabwereza. Ukaphwanya mmodzi pafupi ndi chisa, fungo lake limaitana anzake. Kutupa kwa pamalo polumidwa kumatha pakapita masiku. Koma munthu akayamba kutupa milomo, lilime kapena nkhope yonse, zidzolo thupi lonse, kubanika, chizungulire, pamenepo palibe za kudikira kuti kuche. "Ana anga," anatero, "mukwezeni chilichonse chili ndi mateyala." Chipatala cha Mwami chili pafupi, cha Chipata Central chiliko, ndipo jakisoni wa adirenalini amapulumutsa akafika msanga. Chimodzimodzi mwana wamng'ono wolumidwa malo ambiri, kapena aliyense wolumidwa m'kamwa. Ndipo amene anayamba wabanikapo ndi mbola asapatsidwe ntchito yochotsa chisa, ngakhale atalimba mtima chotani.

Tsopano mankhwala agulidwa, jombo zabwerekedwa, tsiku ladziwika. Chatsala ndi munthu. Apongozi a panyumbapo akuti ntchito zotere ndi za mkamwini kuyambira kale. Mkamwini wavomera mwaulemu wonse, atagwada, koma wadziwitsa banja kuti Loweruka madzulo ali ndi ulendo wa ku Lusaka, ndipo wapempha kuti alamu ake ayambe aona bwino malowo.