Alamu a kutsidya kwa Songwe ndi mahatchi a pa kanema

Ku Karonga mkangano suchita kusowa chifukwa. Dzuwa likafika paliwombo, malata n'kuyamba kuthetheka, aliyense amakhala atapsa kale mtima pang'ono, chotsala n'kungopeza wokangana naye. Ndiye Mulungu, podziwa zosowa za ana ake, anatiikira Ataifa pafupi pomwepa, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe.

Ndikati Ataifa musaganize za alendo. Mngonde wa ku Kaporo ndi Mnyakyusa wa ku Kyela amamvana popanda womasulira, amalira maliro amodzi, ndipo ng'ombe za malowolo zakhala zikuwoloka Songwe kuyambira kalekale osadinditsa pasipoti. Mtsinjewo nawonso ulibe khalidwe: mvula ikakula umasintha njira, munda womwe unali ku Malawi n'kudzuka uli ku Tanzania, mwiniwake akadali mtulo. Choncho kuno aliyense ndi alamu, ndipo mlamu ukhoza kumunena chilichonse, iye n'kukubwezera kawiri, kenako n'kukubwereka tchaja ya foni.

Bwalo la milandu yotereyi ndi nyumba ya kanema kuseri kwa msika. Pakhomo pali katani yakuda yolemera ndi thukuta la anthu ambiri, mkati muli mabenchi a matabwa osapala, ndipo jenereta imakhosomolera panja. Benchi yakutsogolo ili ndi eni ake. Kumanja kumakhala a Tcheya, ogula mpunga, a Bullets mpaka m'mafupa. Palibe akukumbuka komiti imene anaitsogolera, koma udindowo unawakakamira. Kumanzere kumakhala mlamu wa zitenje wochokera ku Kyela, amene malaya ake a Yanga, achikasu ndi obiriwira, amachapidwa usiku kuti m'mawa avalidwenso. Pakati pawo pamakhala aphunzitsi opuma ntchito, omwe sasapota aliyense koma amakonza zolakwa za onse.

"Alamu, nthawi ili bwanji kwanuko?" amayamba dala a Tcheya.

"Kwathu yakwana faifi, alamu. Inu mukadali mu folo. Ngakhale dzuwa limayamba latipatsa moni ife, inu mumalandira lotsala."

Apa mlamu sanama, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

"Ola limodzi patsogolo, koma shuga mumadzagula kumbuyo kuno, pa njinga, usiku."

"Nanga mafuta a galimoto zanu amatsikira doko la ndani? Titatseka Dar es Salaam sabata imodzi, nduna zanu zikwera kabaza."

Ikafika pa mpunga, a Tcheya amakhala tsonga, poti apa ndi pa ntchito yawo. Amatchula Hara, Wovwe ndi Lufilya ngati akuwerenga mayina a ana awo, n'kulumbira kuti fungo la Kilombero wa ku Karonga limadzutsa wodwala. Mlamu amawasiya amalize. Kenako amafunsa mwaulemu wonse kuti kodi mtsinje wa Kilombero uli boma liti la Malawi, poti iye amaudziwa kuti uli kwawo, m'chigawo cha Morogoro. A Tcheya nthawi imeneyo amakumbukira kuti foni yawo ikuitana.

Pali nkhani imodzi yokha imene mwini kanema salola kuti ikule: ya nyanja. Wina akangoti Nyasa, wina Malawi, aphunzitsi amaimirira, n'kuyamba kufotokoza pangano la 1890 la Angelezi ndi Ajeremani lomwe linaika malire m'mphepete mwa madzi kutsidya. Mlamu amayankha kuti iye sanaonepo usipa wonyamula chiphaso cha unzika. Mwini kanema amangokweza voliyumu mpaka sipika kunjenjemera. Nkhani imene akazembe akhala akuikokakoka zaka zambirimbiri, iye amaithetsa ndi chala chimodzi.

Mungaganize kuti anthu okangana chonchi ndi okonda maiko awo kwambiri. Dikirani. Mu September 2022 Nyasa Big Bullets inakumana ndi Simba ya ku Dar es Salaam mu mpikisano wa CAF Champions League. Linali tsiku loti Mmalawi aliyense aime pambuyo pa mbendera. Koma a Manoma onse a m'nyumbamo, adani a Bullets, ana a Malawi obadwira pachipatala cha boma, anatulukira atasanduka a Simba. Wina anachita kubwereka malaya ofiira, mtundu umene pa masiku ena amati ukamukhudza amatuluka ziwengo. Nayenso mlamu wa Yanga, Mtaifa weniweni, anasamuka pamalo pake n'kukakhala phewa ndi phewa ndi a Tcheya, akupempherera Maule mokweza kuposa eni ake. Kwa wa Yanga, Simba kupambana kunja kwa dziko ndi maliro a m'nyumba.

Bullets inagonja 2-0 pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, n'kukagonjanso 2-0 ku Dar es Salaam. A Tcheya ndi mlamu anatuluka akutonthozana, Amalawi a Manoma akuvina mapenenga pakhomo. Patapita masiku a Tcheya anapeza pothawira: amene anawazunza kwambiri anali Moses Phiri wa ku Zambia. "Phiri ndi mwana wathu, alamu. Tinadzimenya tokha. Taifa inangobwereketsa bwalo." Mlanduwo unatsekedwa motero.

Zinthu zikafika poipa, a Tcheya ali ndi mankhwala amodzi: chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali mu January 2022 ku Cameroon. Mtunda wa chigolicho umakula chaka ndi chaka. Pano akuti anawombera ali pafupi ndi goloboyi wake. Zoti masewerawo tinagonja 2-1 amazitchula aphunzitsi okha, ndipo palibe amawamva.

Tsono chaka china, khomo loyandikana ndi kanema linatsegulidwa ngati malo obetcherana, ndipo pa khoma panapachikidwa sikirini ya mahatchi. Si mahatchi enieni, ndi a kompyuta, othamanga pakangopita mphindi zochepa, osatopa, osadya msipu. Dziwani kuti ku Karonga chinyama chodziwika ndi ng'ombe, kenako ng'ona, kenako Malawisaurus amene mafupa ake aima ku nyumba yosungira mbiri. Ambiri a benchi ija hatchi anangoiona m'buku la sitandade 2. Koma sabata isanathe onse anali akatswiri.

"Nambala folo ija yatopa, alamu. Taonani mmene ikuponyera mwendo wakumbuyo."

"Siyatopa, wokwerayo ndi amene wadya zambiri."

Wakabaza wina, munthu amene amapalasa matumba awiri a mpunga popanda kudandaula, anafika pomvera chisoni nambala seveni, ati akuithamangitsa kwambiri osaipatsa madzi.

Aphunzitsi sanapirire umbuli wotere. Anafotokoza kuti mahatchi enieni amathamanga ku Cheltenham, ku England, mwezi wa March chaka chilichonse, masiku 4, mipikisano 28. Anati kumeneko Angelezi ndi anthu a ku Ireland amanyozana ngati ife ndi Ataifa, ndipo anachita kuikirapo chikho, Prestbury Cup, chowerengera kuti mahatchi a dziko liti apambana kwambiri. Mu 2021 a ku Ireland anatenga mipikisano 23, eni bwalo n'kutsala ndi 5. Chaka chotsatira mayi wa ku Ireland, Rachael Blackmore, anakhala wokwera hatchi wamkazi woyamba kupambana Gold Cup, atakwera yotchedwa A Plus Tard.

Nyumba yonse inakhala chete, kenako inagawikana pomwepo. Mlamu anasankha Ireland chifukwa amavala zobiriwira ngati Yanga. Mnyamata wa tchipisi anamutsatira, ati anthu amenewa amawadziwa bwino, mbatata yawo amaikazinga tsiku lililonse. A Tcheya, poona kumene mlamu wapita, sakanachitira mwina koma kukhala Mngelezi, ngakhale agogo awo anathawapo msonkho wa atsamunda.

"Kugonja 23 kwa 5 pakhomo panu, alamu? Anthu inu kugonjera pakhomo ndi mwambo?"

"Ife timalemekeza alendo. Mlendo amadya nkhuku, mwini nyumba masamba."

Palibe mwa awiriwa angaloze Cheltenham pa mapu, koma kuyambira tsikulo hatchi iliyonse ya pa sikirini inapatsidwa dziko. Yofiirira ndi ya Angelezi, yakuda ndi ya ku Ireland. Aphunzitsi anayesa kunena kuti kompyuta sidziwa zimenezo, koma anauzidwa kuti akhale pansi, apa si m'kalasi.

Ine pa zonsezi chimene chimandisangalatsa ndi pa windo la kalaliki. Pamenepo palibe Mmalawi, palibe Mtaifa. Kwacha ndi shilingi, zimene tsiku lonse zimanyozana kwa osintha ndalama a ku Songwe, zimalowa m'dilowa imodzi ndipo sizitulukanso. Pansi pamadzaza timapepala tokwinyakwinya. A Tcheya amene analowa ndi ndalama ya ndowa ya mpunga amatuluka akufotokoza kuti hatchi yawo inapunthwa pa kona yomaliza, mlamu akuvomereza ndi mutu, poti nayenso phindu la zitenje zitatu lapita ndi yakuda. Kenako amasonkha zotsala n'kugula mbale imodzi ya tchipisi cha mazira, mafoloko awiri, n'kuyamba kukangana kuti anayambitsa chakudyachi ndani. Pamenepo a Tcheya alibe mlandu woti angapambane, koma sanavomerepo.

Mukadzafika ku Karonga n'kumva phokoso kuseri kwa msika, musathamangire kukaitana apolisi kapena kukaleretsa. Lowani, perekani moni, sankhani mbali iliyonse imene mlamu wanu sanasankhe. Koma ndalama ya minibasi yobwererera muyambe mwaibisa m'sokosi, ndipo nambala folo musaiyese, a Tcheya akuti mwendo uja sunapolebe.