Agogo Anga Alibe Nambala ya Tsamba

Anzanga amene tinamaliza nawo sukulu ali ndi zoloza. Wina ali ndi nyumba za lendi ku Area 25, wina minibasi, wina chigayo. Ine, mphunzitsi wa Chichewa pasekondale yoyendera, ndili ndi njinga yakapalasa ndi digiri yachiwiri yosatha. Ndiye aphunzitsi athu a kuyunivesite atatiuza kuti munthu wophunzira amadziwika ndi zimene wasindikiza mu journal, ndinati basi, nane ndapeza potchukira.

Kwa inu amene simunaionepo, journal ndi magazini ya anthu ophunzira. Mulibe zithunzi, mulibe zampira, mulibe ngakhale tsamba la ofuna mabanja. Zinayamba kale zimenezi. Mu 1665 ku Paris kunatuluka Journal des sçavans, ndipo chaka chomwecho ku London Henry Oldenburg anayambitsa Philosophical Transactions, imene ikutulukabe mpaka lero. Kuno kwathu Nyasaland Journal inayamba mu 1948, pano imatchedwa Society of Malawi Journal, ndipo eni ake amapezeka ku Mandala House ku Blantyre. Ku Zomba nako kuli Journal of Humanities, imene inayamba kutuluka ku Chancellor College mu 1987. Munthu wanzeru akanayamba kugogoda pamakomo apafupiwa. Ine ndinati ayi, mbiri yokoma imachokera kutali, n'kusankha journal ina ya kutsidya kwa nyanja. Dzina lake ndisunga, chifukwa nkhani yanga ikadali m'manja mwawo.

Mutu ndinali nawo kale: nyimbo za pamtondo. Ndinakulira kwa agogo anga aakazi, ndipo ndinkaona ndekha mmene zinkakhalira. Mwamuna akamwera ndalama za fodya, mkazi sankamunena pamaso. Ankadikira kuche, n'kutenga munsi, n'kuimba mokweza kuti mudzi wonse, apongozi ndi ankhoswe omwe, udziwe kumene ndalama zapita. Mwamunayo sakanayankha, pakuti ndani angakangane ndi nyimbo? Zigayo zitafika, nyimbozo zinayamba kuzilala, popeza palibe mayi amene mawu ake angapose injini ya dizilo. Mfundo yanga inali yomweyo. Pakhonde ndimaifotokoza mphika wa tiyi usanawire. Journal inkafuna mawu 8,000.

Inkafunanso zina. Zilembo zikhale Times New Roman, saizi 12, mizere yotalikirana. Pamwamba pakhale abstract, mawu 200 ofotokoza zonse zimene mawu 8,000 aja akunena. Mayi akunyumba, amene amagulitsa mandazi ndipo sakonda zowononga, anasuzumira papepala n'kufunsa kuti, "Bambo, ngati zikukwana m'mawu 200, enawo ndi a chiyani?" Ndinawauza kuti zamaphunziro apamwamba sangazimvetse. Mpaka lero funsolo sindinalipezere yankho.

Kenako panabwera nkhondo ya kalembedwe ka maumboni. Anthu ophunzira padziko lonse anagwirizana kuti dziko ndi lozungulira, koma alephera kugwirizana za malo oika chaka chimene buku linatuluka. A APA amati chaka chitsatire dzina la wolemba nthawi yomweyo. A MLA amati m'kati mwa nkhani muike dzina ndi nambala ya tsamba, chaka chikadikire kumapeto. A Chicago, amene journal yanga inkatsatira, amakonda timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba, ma footnote. Ine ndinadzaza tsamba lililonse ndi "ibid." kuti ndioneke wowerenga, kenako n'kumva kuti kuyambira mu 2017 a Chicago omwewo amalangiza kuti kamawuka tizikapewa. Fashoni inandidutsa ndisanaivale.

Kuwerenga nako kunali ndi mtengo wake. Umapeza nkhani yabwino pa intaneti, umawerenga tsamba loyamba, mtima uli phaphapha, kenako akuti kuti upitirize lipira madola makumi angapo. Nkhaniyo ikunena za mudzi woyandikana ndi wanu. Wondipulumutsa anali African Journals Online, kumene nkhani zambiri ndi zaulere, ndi Ruth Finnegan, amene buku lake la mu 1970, Oral Literature in Africa, linatulutsidwanso mu 2012 kuti aliyense awerenge osalipira. Mayi ameneyu Mulungu amukumbukire, pakuti bandulo yanga ikumudziwa.

Lamulo limene linandiwawa kwambiri ndi lakuti ndichotse dzina langa paliponse. Tangoganizani. Ntchito yonseyi ndinaiyamba kuti dzina langa lioneke, ndipo chinthu choyamba chimene akundiuza ndi kulifufuta. Akuti ounika nkhani asadziwe wolemba, wolembanso asadziwe ounika, kuti pasakhale kukondera. Zili ngati gule wamkulu pabwalo: chilombo chikukuthamangitsa, kathamangidwe kake ukukazindikira, koma mwambo sulola kuti unene. Anthu odziwa za nyimbo za Achewa za pamtondo padziko lino akhoza kukwana mu minibasi imodzi, kondakitala n'kumaitanabe. Wondiunikayo mwina ndinakhalapo m'kalasi mwake.

Panalinso fomu yachilolezo. Kafukufuku wokhudza anthu amafuna kuti wofunsidwayo avomere mwa kufuna kwake, atauzidwa zonse, ndipo lamuloli ndi labwino, lateteza ambiri. Koma kalifotokozeni kwa agogo anga. Ndinafika kumudzi ndi pepala ndi inki, n'kuwagwadira bwinobwino.

"Agogo, mudinde chala apa."

"Iwe, wagulitsa munda?"

"Ayi agogo, ndi za nyimbo zija."

"Nyimbo zimene ndinkakuimbira uli kumsana, ukundikodzera, lero zikufuna chidindo?"

Anaitanitsa malume kuti awerenge pepalalo kawiri, mokweza, pamaso pa mboni. Atakhutira kuti dimba lawo silikutchulidwa, anadinda. Kenako ndinawauza kuti malinga ndi malamulo akhoza kusankha kuti dzina lawo libisidwe. Anati dzina lawo libisidwe ndithu, koma la malemu agogo aamuna lilembedwe lonse ndi zilembo zikuluzikulu, pakuti nyimbozo zinkanena iwowo.

Kutumiza kwake ndidutsepo msanga, mungalire. Makina a journal anafuna ORCID, nambala ya manambala 16 yozindikiritsa munthu wofufuza, anafuna pasiwedi yokhala ndi chilembo chachikulu ndi chizindikiro, anafuna kalata yopita kwa mkonzi, ndiponso lumbiro lakuti nkhaniyi sindinaitumize kwina kulikonse. Apa mayi akunyumba anagwedeza mutu mokondwa, nati anthu amenewa ndi olongosoka, sakonda zamitala. Magetsi anathima ndili pakati. Pulogalamu yogwira akuba mawu a anzawo inapeza kuti ndaba mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga, popeza anthu ena anaulembapo kale. Mwini wake wa mwambiwo sanatchulidwe.

Kenako kudikira. Chimanga chinadzalidwa, chinapaliridwa, chinakololedwa, kompyuta ikungonena kuti nkhani ili kwa ounika. M'kati mwa kudikiraku ndinalandira imelo yokoma kuposa kalata iliyonse imene ndinalandirapo chibadwire. Inanditchula kuti pulofesa wolemekezeka. Inati akonzi a journal ina yapadziko lonse achita chidwi ndi ntchito zanga zotchuka, ndipo nkhani yanga akhoza kuiunika ndi kuisindikiza sabata lomwelo, bola nditumize kangachepe m'madola. Ndinaisindikiza imeloyo n'kukaionetsa mu staff room. Mnzanga wophunzitsa biology anaiwerenga, n'kutulutsa foni yake, n'kundionetsa yake yofanana ndendende, nayenso ali pulofesa wolemekezeka. Journal yakeyo inkasindikiza zaulimi, zamano, zamalamulo ndi ndakatulo m'kope limodzi. Woyang'anira laibulale wina wa ku University of Colorado Denver, Jeffrey Beall, ankasunga mndandanda wa ma journal olusa oterewa mpaka pamene unachotsedwa pa intaneti kumayambiriro kwa 2017. Mndandanda unapita, koma afisiwo adakali moyo, ndipo ali ndi adiresi yanga.

Yankho lenileni litafika, linali la anthu awiri. Wounika woyamba anali munthu woleredwa bwino. Anati nkhaniyi ndi yosangalatsa, ndikonze apa ndi apo. Wounika wachiwiri analemba masamba anayi, ndipo ndikukhulupirira kuti ankalemba asanadye.

Anayamba ndi kunena kuti wolembayu akuoneka kuti sadziwa bwino chikhalidwe cha Achewa. Ine! Munthu amene mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nkhokwe ya agogo omwewo. Anapitiriza kuti Chingelezi changa chikufunika mwini chilankhulo achione. Kenako anafika pamtima pa nkhani. Pamene ndinalemba kuti amayi ankadzudzula amuna awo kudzera m'nyimbo za pamtondo, iye anafunsa kuti: umboni uli kuti, buku liti, tsamba liti?

Tsamba liti! Agogo anga alibe nambala ya tsamba. Ali ndi ndodo, fodya wa m'mphuno ndi mano atatu. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayendayenda mu Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo ndi makina ake. Akanakhotera kumudzi kwathu, bwenzi amayi awo a agogo ali ndi nambala mu kabati ku Rhodes University ku South Africa, ine n'kumawatchula mu footnote mopanda mantha. Koma galimoto lake silinafike kwathu, ndiye nyimbo zimene zaimbidwa pamtondo womwewo mibadwo itatu zikuoneka ngati ndazipeka ndekha usiku.

Njira yowalowetsera agogo m'nkhani ndinaipeza, koma ndi yozungulira. Jan Vansina, katswiri wa mbiri wochokera ku Belgium, analemba buku mu 1985 lotchedwa Oral Tradition as History, lotsimikiza kuti zonena za akuluakulu ndi umboni wa mbiri ngati zafufuzidwa mosamala. Ndiye ndinayamba ndatchula Vansina, tsamba lakutilakuti, kuti awapatse agogo chilolezo cholankhula za banja lawo lomwe. Wounikayo anafunanso theory. Ndinabwereka kwa James C. Scott, amene mu Weapons of the Weak, buku la mu 1985, anafotokoza mmene alimi osauka a m'mudzi wina ku Malaysia ankalimbanirana ndi olemera mwakachetechete, kudzera m'miseche, kuzengereza ndi kunamizira kugonja. Choncho agogo anga, amene sanapitirirepo pa Dedza, tsopano akumveka bwino chifukwa cha alimi a mpunga a ku Malaysia.

Pomaliza wounika wachiwiri analangiza kuti ndiwerenge nkhani zitatu zofunika kwambiri zimene ndinaziphonya. Zonse zitatu zinali za munthu mmodzi. Sindikunena kanthu. Ndangoziwerenga, ndazitchula zonse, ndipo imodzi ndaitcha "yotsegula maso".

Komabe musandimve ngati ndikuti kuunikaku kuthe. Mu 1996 katswiri wa physics, Alan Sokal, analemba dala nkhani yopanda mutu, yodzaza ndi mawu akuluakulu, n'kuitumiza ku Social Text, imene nthawiyo sinkatumiza nkhani kwa ounika akunja. Anaisindikiza. Pakhomo popanda mlonda pamalowa zambiri. Ndipo wounika wanga waukaliyo anafunsa funso limodzi limene mkwiyo utatsika ndinaliona kulemera: kodi zimene zinkachitika m'mudzi umodzi zikuimira amayi onse a m'Malawi? Linandikweza njinga kupita m'midzi ina, kumene ndinapeza agogo ena oimba mwaukali kuposa anga. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mlondayu amadziwa nkhope za alendo kuposa za eni mudzi.

Chigamulo cha mkonzi chinali chakuti ndikonze n'kutumizanso. Sanakane, sanavomere. Anzanga odziwa zinthu akuti imeneyi ndi nkhani yabwino, ndiyenera kusangalala. Ndinalemba kalata yoyankha mfundo iliyonse, ndipo iliyonse ndinaiyamba ndi mawu akuti ndikuthokoza wounika chifukwa cha ndemanga yanzeruyi, kuphatikizapo ija yakuti sindine Mchewa.

Nditapita kumudzi kukawauza agogo kuti tsopano alowa m'nkhani ngati "wofunsidwa woyamba, wazaka zoposa 80", anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatambasula dzanja.

"Zanga zili kuti?"

Ndinawafotokozera kuti journal salipira wolemba. Ounika nawonso nthawi zambiri amagwira ulere. Owerenga ndiwo amalipira, ndipo wolemba akafuna kuti anthu awerenge ulere, kawirikawiri amauzidwa kuti alipire iyeyo.

"Wolemba sadya, wounika sadya. Nanga akudya ndani?"

Ndinati funso limenelo ndi la digiri yachitatu.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kugunda kwa munsi. Agogo, amene anasiya kusinja kalekale chifukwa cha msana, anali atatulutsa mtondo, aika mdzukulu wawo wamkazi kuti azisinja, iwo ali pamkeka kutsogolera nyimbo yatsopano. Inkanena za mnyamata wina wovala tayi amene anatenga chala cha agogo ake n'kukachipereka kwa azungu osabweretsa ngakhale paketi ya shuga. Dzina sanatchule, malamulo a kafukufuku anawatsatira bwino, koma amayi onse opita kumjigo ankayang'ana ine. Ndinatulutsa foni mwakachetechete n'kuyamba kujambula. Nkhani yanga yachiwiri yapezeka, chatsala ndi kupeza munthu wa ku Belgium woti atsimikize kuti anandinyozadi.