Ulemu Upite kwa Mvula ya ku Joni

Anthufe kusayamika. Pitani ku Gold Reef City ku Johannesburg mu Disembala sukulu zitatsekera, mukamve mmene amainyozera mvula ikangoyamba kudontha chakumasana. Ati yaononga tsiku, ati ndalama ya tikiti yalowa m'madzi. Ine ndikukana. Pamalo onsewo palibe wantchito wakhama kuposa iyeyu, chonsecho salandira ngakhale randi imodzi.

Choyamba, ndi yamwambo. M'mawa wonse imakusiyirani dzuwa kuti mujambulitse zithunzi zotumiza kumudzi. Ikafuna kubwera imayamba yaodira: kumwamba bii, kamphepo kozizira, kenako bingu. Amene wavumbwa pamenepo wachita kufuna.

Koma ntchito yake yaikulu, imene sitiitchula pagulu, ndi yopulumutsa ulemu wa azibambo. Malowa adamangidwa pa mgodi wakale wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, ndipo pali chinthu china chotchedwa Tower of Terror. Amakukwezani m'kangolo mpaka pamwamba pa nsanja, kenaka n'kukuponyani chamutu mamita pafupifupi 50 kulowa kudzenje. Agogo athu a Wenela ankatsikira m'migodi ya ku Joni kuti alandire malipiro. Adzukulufe tikuchita kulipira kuti atiponyemo. Ndiye taonani bambo uyo ali pamzere. Kunyumba wakhala akudzitama sabata yonse kuti iye saopa kanthu. Tsopano ana akumukoka malaya, "Adadi tiyeni, tatsala pang'ono!" Iye akungomeza malovu, maso ali pa anthu amene akukuwa m'mwambamo, m'mimba mwayamba kale kubwadamuka. Mayi akumuyang'ana cham'mbali, akudziwa. Mwadzidzidzi mphezi ng'ani! Zokwera zapanja zaimitsidwa, poti ndi mphezi za ku Joni palibe amachita nazo masewera. Mverani bambo uja tsopano, mawu abwerera: "Aaa, mvula iyinso! Ine ndimati ndikwere kawiri." Ndani winanso angamuchitire munthu chifundo chotere?

Komanso imatiphunzitsa masamu. Pa Raging Rapids anthu amaima pamzere nthawi yaitali kudikira kuti akathiridwe madzi, ndipo akanyowa amaseka mpaka misozi. Madzi omwewo akabwera aulere, ochuluka, osafuna mzere, onse liwiro kukausa pakhonde la sitolo, nkhope zili ndwii. Mwina vuto lake ndi loti ilibe mtengo.

Tsankho ilibe. Bwana wa ku Sandton ndi mnyamata wa maganyu imawanyowetsa chimodzimodzi. Wigi yodula ija imagona pansi, nsapato zoyera zimalira chofochofo, ambulera imatembenuzika n'kuyang'ana kumwamba ngati dishi ya kanema. Amene amaoneka wanzeru ndi gogo uja adapinda jumbo lakuda la zinyalala m'chikwama, lomwe adzukulu ankachita nalo manyazi pageti. Waboola pamutu, wavala, akuyenda mwachifumu, ndipo adzukulu omwewo akulimbirana kuti alowemo. Tsiku limene mvula yakondwa imaonjezera ndi matalala, basera.

Ndi mphunzitsinso wa mbiri. Alipo amene akhala ku Joni zaka zambirimbiri osapondako ku Apartheid Museum, yomwe idatsegulidwa mu 2001 pafupi pomwepo. Chimene aphunzitsi adalephera, mvula imachita m'mphindi zochepa: kuwalowetsa m'nyumba yokhala ndi denga.

Chilema chake n'chimodzi, ndipo sindibisa. Imakata msanga. Kawirikawiri ola lisanathe dzuwa latulukanso, amantha ambiri apita kwawo, mizere yafupika, ndipo ana aona kale kuti kangolo kayambanso kukwera. Bambo uja alibenso pothawira.

Choncho inu a Mvula, m'malo mwa azibambo onse, pempho ndi limodzi. Mukabwera Disembala uno musamafulumire kunyamuka. Khalani ndithu mpaka atseke pageti.